Nyumba Yopanda Khomo

Padangokhala mwamuna wina, mfunda wake Phiri, kwawo kunali kufupi ndi phiri la Mphunzi m'boma la Dedza. Anasiya mkazi wake Nabanda ndi ana awiri n'kulowera ku Joni kukasaka ganyu. Kumeneko anaphunzira kupenta nyumba, ndipo dzanja lake linali lowongoka moti mabwana ankapatsirana nambala yake ya foni.

Tsiku lina m'mawa, akupenta khoma la nyumba yosanja ku Randburg, makwerero anaterereka pa matailosi onyowa. Sanagwe kuchokera patali kwenikweni, koma anafikira mutu. Atatsitsimuka anamva anthu akulankhula pamwamba pake, anaona nsapato zake zili kumapazi, koma mapaziwo sanawamve.

M'khosi mwa munthu muli mafupa 7, ndipo pakati pa mafupawo pamadutsa mtsempha waukulu umene umanyamula uthenga kuchokera ku ubongo kupita m'manja, m'miyendo, m'chikhodzodzo ndi m'matumbo. Wa Phiri unaphwanyika pa fupa lachisanu ndi chimodzi. Madokotala anamanga mafupawo ndi chitsulo, koma mtsempha sulumikizidwa ndi chitsulo. Mapewa ankayenda, chigongono chinkapinda, dzanja linkadzuka pamfundo pake. Zala zinali zii. Kuyambira pachifuwa kutsika m'munsi, ngakhale munthu amutsine, Phiri sankamva kanthu.

Msuweni wake, amene ankagona naye chipinda chimodzi ku Diepsloot, anabwera kudzamuona atanyamula maapozi ndi buledi.

"Asuweni, kumudzi tisanene kaye," anatero. "Tiwauze kuti kamera ya foni yafa ndipo ntchito yachuluka. Mukadzuka apa mudzawafotokozera nokha muli chiimire."

Phiri anavomera. Msuweniyo sanali munthu woipa ayi. Mwezi ukatha ankatapa pa ndalama zake zomwe n'kutumiza kwa Nabanda m'dzina la Phiri, ndipo ankalemba mauthenga pa WhatsApp ngati akulemba ndi mwini wake. Chifundo chake chinali chenicheni, kungoti chinamusiya wodwala uja yekhayekha ndi nkhani imene imafuna anthu ambiri kuti aisenze.

Bala la opaleshoni litapola, anamusamutsira ku chipatala china kumene ovulala msana amaphunzira kukhalanso ndi moyo. Usiku ndi usana anamwino ankamutembenuza pakatha maola awiri alionse, kuopa zilonda zimene zimabwera munthu akagonera mbali imodzi. Mwambo umenewu uli ndi mbiri yake. Kale anthu ambiri othyoka msana sankakhalitsa. Chinkawapha chinali zilonda zimenezi ndi matenda a m'njira ya mkodzo. Dokotala wina Myuda, Ludwig Guttmann, amene anathawa ku Germany mu 1939, anatsegula wodi ya ovulala msana pachipatala cha Stoke Mandeville ku England mu 1944, n'kulamula kuti odwala azitembenuzidwa chotero ngakhale pakati pa usiku. Sanalekere pomwepo. Anawapatsa ntchito zamanja ndi masewera, ndipo mpikisano woponya mivi umene anakonza mu 1948 ndi umene unakula n'kukhala masewera a Paralympics. Ankadziwa kuti munthu akapulumuka ku imfa amafunanso chifukwa chodzukira m'mawa.

Phiri ankachita zonse zimene ankauzidwa. A fiziyo akati kwezani mkono, ankakweza. Mayi wophunzitsa kudya ndi kuvala anamumangirira kalamba kuchikhatho, n'kulowetsamo supuni, ndipo anaphunzira kufikitsa phala pakamwa. Anamuonetsanso kuti akadzutsa dzanja pamfundo, zala zimapindika zokha n'kugwira kanthu kopepuka. Zonsezo ankazichita maso ali kudenga. Mawu ake tsiku lonse anali oyankha inde ndi ayi basi. Chingelezi chake chinali cha pantchito, chokwanira kukambirana mtengo wa penti, osati kufotokoza zimene zimabwera mumtima nthawi ya 3 koloko usiku magetsi atazima.

Lachiwiri ndi Lachinayi kunkabwera mayi wina akukankha katebulo ka matayala kodzaza mapepala, mabulashi, timabotolo ta utoto ndi mpira wa dongo wokulunga m'nsalu yonyowa. Odwala ankangomutcha mayi wa penti. Atafika pabedi la Phiri anapereka moni, n'kufunsa ngati angafune kuyesako.

Kwa nthawi yoyamba magazi anamuwira Phiri. "Madamu, ine ndapenta nyumba zosanja. Lero mukufuna ndizisewera ndi penti ya ana a sukulu ya mkaka?"

"Ndamva, bambo Phiri," anayankha mayiyo. "Ndidzadutsanso Lachinayi. Mukadzakana, ndidzadutsanso Lachiwiri."

Sananyengerere, sanakhumudwe. Anapita pabedi lotsatira.

Anthu ambiri amaganiza kuti ntchito ya mayi ngati ameneyu ndi kusangalatsa odwala kuti nthawi ipite, kapena kuwaphunzitsa kujambula zokongola. Si choncho. Amakhala ataphunzira luso lojambula komanso za maganizo a munthu, ndipo ku South Africa amalembetsa ku bungwe la Health Professions Council of South Africa, komwenso madokotala ndi a fiziyo amalembetsa. Amene anaipatsa dzina ntchitoyi mu 1942 ndi wojambula wa ku England, Adrian Hill. Iye anagonekedwa m'chipatala ndi chifuwa chachikulu, ndipo anaona kuti akagwira pensulo mtima unkakhala pansi. Kenako anayamba kujambula ndi odwala anzake. Chimene mayi wa penti amayang'ana si kukongola kwa chithunzi. Amayang'ana chimene munthu waika papepala pamene pakamwa pakana.

Pabedi loyandikana ndi la Phiri pankagona madala ena aimvi, mtchona weniweni. Anachoka ku Ntcheu ali mnyamata, pa Theba, kukagwira ntchito mumgodi wa golide, ndipo mwala unawagwera pamsana. Manja awo anali abwinobwino, miyendo ndiyo inafa. Tsopano anabwerera kuchipatala chifukwa cha chilonda cha pathako chimene chinakana kupola. Mayi wa penti akabwera, madalawo ankatenga dongo n'kumaumba ng'ombe, za linunda ndi nyanga zake, monga ankachitira ali kubusa. Pawindo panali khola lathunthu.

Lachinayi lina mayi uja ankasakaniza utoto wobiriwira wa wodwala wina. Phiri anayang'ana chammbali, anapirira, kenako analephera.

"Mwathira madzi ambiri. Ikauma imeneyo idzatuwa."

"Ndiye ndichite bwanji?"

"Onjezani wachikasu pang'ono. Ayi, pang'ono! Tsopano takasani kuchokera pansi."

Namwino amene ankadutsa anaima, chifukwa anali asanamvepo Phiri akulankhula mawu ochuluka chotero. Mayi wa penti anatakasa monga anauzidwira, kenako anafunsa ngati angalowetse bulashi m'kalamba kaja ka supuni kuti mwini wake aone ngati utotowo wakhala bwino. Anamukhazika panjinga ya olumala, anapendeketsa thabwa patebulo, n'kumatapo pepala ndi tepi m'makona onse anayi.

Bulashi inakana kumvera. Munthu amene ankadula mzere pakati pa khoma ndi siling'i popanda tepi, lero mkono unkangogwa pamene wafuna. Anasiya wobiriwira uja, anaviika mu wakuda, n'kukhwekhwereza papepala uku ndi uku mpaka pepala linanyowa n'kubooka pakati. Anapuma mwabefu, akudikira kuti amve mawu amene alendo onse ankanena, akuti mwachita bwino, limbani mtima.

Mayiyo sananene zimenezo. Anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, n'kufunsa kuti, "Mukufuna tilembepo mawu alionse?"

"Palibe."

Analemba deti kuseri, anadikira kuti liume, n'kuliika m'chikwama cha mapepala cholembedwa dzina la Phiri. Sanalitaye. Phiri anaziona zimenezo.

Masabata anapita. Munthu wovulala m'khosi akangoyamba kukhala tsonga, magazi amathawira kumiyendo ndipo amachita chizungulire. Phiri ankapempha kubwerera pabedi pasanathe mphindi 15. Koma akakhala pathabwa lija ankafika mphindi 40 osadandaula. A fiziyo anaona kuti phewa lakumanja layamba kulimba, ndipo pamsonkhano wawo wa mlungu ndi mlungu anagwirizana ndi mayi wa penti kuti thabwalo azilikweza pang'onopang'ono kuti mkono uzifika m'mwamba. Phiri sankadziwa kuti akuchita fiziyo. Iye ankapenta.

Wakuda uja unatha, n'kuyamba kuoneka nyumba. Inali nyumba imene ankamanga kumudzi ndi ndalama za ku Joni, imene anali asanaiponde, yongoiona pafoni: njerwa zootcha, malata, mafelemu a mawindo abuluu, ndi khonde lalitali la masitepe asanu. Khondelo analamula yekha kuti likwere choncho, kuti munthu akakhala pamenepo aziona msewu wonse. Mizere inali yokhotakhota, koma mitundu inali yake yeniyeni. Tsiku lina anauza mayiyo kuti kwawo kujambula si kwachilendo, kuti ali mwana akudyetsa mbuzi ankabisala mvula m'mapanga a ku Mphunzi momwe makolo anasiya zithunzi zofiira ndi zoyera pamiyala. Mayiyo anali atamvapo za zithunzi za ku Chongoni, zimene bungwe la UNESCO linaziika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 2006, ndipo anamufunsa mafunso ambiri. Tsiku limenelo Phiri ndiye anali mphunzitsi.

Anajambula nyumbayo kachiwiri, kachitatu, kachinayi. Lachiwiri lina mayi wa penti anatulutsa mapepala onsewo m'chikwama n'kuwandandalika patebulo.

"Bambo Phiri, ndakhala ndikuiyang'ana nyumbayi. Mawindo ndikuwaona, masitepe ndikuwaona. Kodi amalowera pati?"

Phiri anayang'ana pepala loyamba, lachiwiri, mpaka lomaliza. Pamwamba pa masitepe panali khoma lokhalokha. Sanachite dala, sankadziwa n'komwe. Milomo inayamba kunjenjemera, ndipo misozi inatsika n'kumadontha kuchibwano. Anayesa kukweza dzanja kuti apukute, koma bulashi inali ikadali m'kalamba, ndipo anadzipaka utoto wabuluu patsaya. Mayiyo anatenga kansalu, koma sanamukhudze.

"Ndikupukuteni, kapena ndisiye?"

"Siyani."

Anasiya. Ndipo Phiri anayamba kulankhula, osati m'Chingelezi, koma m'chinenero cha amayi ake. Ananena za masitepe amene sadzawakwera, za Nabanda amene akudziwa kuti mwamuna wake ali pamakwerero, za mwana wake Tadala amene anamulonjeza njinga yakapalasa, za kapaipi ka mkodzo, za manyazi osambitsidwa ndi ana aakazi a eni ake. Mayiyo sanamve liwu ndi limodzi lomwe, koma sanasunthe pampando, ndipo sanayang'ane wotchi.

Amene anamva zonse anali madala aja. Usiku umenewo, anamwino atamaliza kuwatembenuza onse awiri, nkhope zawo zinapezeka zitayang'anizana.

"Mwana wanga, uli maso?"

"Ndili maso, madala."

"Ine ndinanena ngati iwe. Ndinati ndidzalemba kalata ndikadzachira. Chaka chinatha, ndinati chaka chamawa. Kenako manyazi a miyendo anasanduka manyazi a kukhala chete, ndipo amenewo ndi aakulu kuposa oyamba aja. Ndinadzamva kwa munthu wa pabasi kuti amayi anamwalira akunena kuti mwana wawo anawataya chifukwa cha akazi a ku Joni. Sanadziwe kuti ndinkawalota usiku uliwonse. Ng'ombe ukuziona pawindozi ndi za bambo anga. Ndimazidziwa iliyonse ndi dzina lake, koma sindikudziwa amene anatsala pamudzi paja."

Phiri sanayankhe, koma tulo sanatione.

Mayi wa penti sanamuuze kuti aimbe foni kumudzi. Uphungu wotero ukanakhala wosavuta kupereka, ndipo ambiri a ife tikanaupereka tsiku lomwelo, koma munthu amene thupi lake lonse lili m'manja mwa ena amafunika kumusiyira chinthu chimodzi choti asankhe yekha. Anangomupempha chilolezo choti akambirane ndi mlangizi wa za maganizo wa pachipatalapo, ndipo Phiri analola. Kenako anamubweretsera buku la zithunzi za Frida Kahlo, mayi wa ku Mexico amene anavulala msana pangozi ya basi mu 1925 n'kuyamba kujambula ali chigonere, galasi atamuikira pamwamba pa bedi. Phiri anatsegula masamba ndi mfundo ya dzanja mpaka anafika pamene mayiyo anadzijambula atakhala panjinga ya olumala, mabulashi ali m'manja.

"Sanabise," anatero Phiri.

"Inu mukanakhala m'chithunzi chanu chija, mukanakhala pati?" anafunsa mayi wa penti.

Kujambula chinthu chozungulira popanda zala ndi ntchito yowawa. Mkono wonse umayenera kuyenda kuchokera paphewa, ndipo ukafika pamwamba umafuna kugwa. Matayala awiri a njinga anamutengera masiku atatu a penti. Loyamba linatuluka ngati dzira, analifafaniza ndi woyera, n'kuyambiranso. Pomaliza panaoneka munthu wovala malaya ofiira, atakhala panjinga, pansi pa masitepe asanu. Pamwamba pa masitepewo anajambula khomo, lotseka.

Msuweni atabwera Lamlungu, Phiri anati, "Asuweni, jambulani ichi ndi foni, mutumize kwa amake Tadala."

"Asuweni, mwaganiza bwino? Tadikirani pang'ono, mwina Mulungu..."

"Mulungu akundiona ndili pa njinga pomwe pano. Amene sakundiona ndi mkazi wanga. Tumizani."

Chithunzi chinapita. Timizere tiwiri tinasanduka tabuluu. Yankho silinabwere tsiku limenelo, ngakhale usiku wake. M'mawa foni inalira, ya vidiyo, ndipo namwino anaigwirizira patsogolo pa Phiri.

"Sendezani foniyo ndikuoneni yense," anatero Nabanda. Namwino anasendeza. Nabanda anayang'ana njinga, miyendo yoonda, zala zopindika. Kenako mawu anatuluka ngati madzi ophulika pa mgula. "Miyezi yonseyi ine ndimati mwapeza mkazi wina. Amayi anu afika mpaka kwa asing'anga kuti mubwerere. Ana ndimawanamiza kuti bambo atanganidwa. Inu muli m'chipatala, mukusambitsidwa ndi anthu osawadziwa, ine ndilipo? Munandiyesa ndani, bambo a Tadala?"

Anadula foni. Masiku atatu sanayankhe, ndipo Phiri anadziwa kuti mkwiyowo unali woyenera. Tsiku lachinayi Nabanda anaimba yekha. Sanapereke moni wautali.

"Njinga yanuyo ndi yotambalala bwanji? Ndikufuna ndiyeze chitseko. Ndipo mundipatse anamwinowo, andiuze mmene amakutembenuzirani."

Phiri sanayendenso. Zala sizinabwerere. Koma miyezi yotsalayo anaphunzira kukankha njinga ndi zikhatho atavala magolovesi, ndiponso kuuza munthu wina bwinobwino mmene angamunyamulire ndi mmene angayang'anire khungu lake m'mawa ndi madzulo. Nabanda ankaphunzira nawo pafoni, akulemba m'kope la mwana. Tsiku lotsanzikana, mayi wa penti anamupatsa chikwama chonse cha mapepala, kuyambira lakuda lobooka lija, pamodzi ndi mabulashi atatu okulungidwa tepi kuti azikhazikika m'kalamba. Madala aja anamupatsa ng'ombe imodzi yadongo ndi kapepala kolembapo dzina la mudzi wawo ndi la mfumu yake. Amalawi anzake anasonkha ndalama ya ndege, chifukwa ulendo wa pabasi wodzera ku Beitbridge, Harare ndi Tete ukanamubweretsera zilonda asanafike n'komwe pachipata cha Dedza.

Mlamu wake anapita ku Ntcheu ndi kapepala kaja. Anapeza manda, ndi mdzukulu mmodzi amene anali atamvapo dzinalo kwa agogo ake. Anasiya nambala ya foni.

Kumudzi moyo sunali wofewa. Timapaipi ta mkodzo tinkafuna ulendo wa kuchipatala cha boma, ndipo Nabanda ankadzuka usiku kudzamutembenuza m'mawa kukali ntchito ya kumunda. Anthu ena ankabwera kudzaona ngati pamaliro. Koma wagolosale wina ataona mmene Phiri anasakanizira utoto wa mawindo anamupempha chikwangwani, ndipo atatha iye panabwera wometa tsitsi. Tadala ankagwira thabwa ndi kutsuka mabulashi.

Vuto linatsala pakhonde. Mmisiri amene Nabanda anamuitana poyamba anangothira simenti pamwamba pa masitepe, ndipo panatsetsereka moti anyamata awiri ankachita kutuluka thukuta pomukweza. Kuchipatala Phiri anaphunzira kuti pa sentimita iliyonse yokwera pamafunika masentimita 12 a kutalika. Khonde linali lokwera masentimita 75, ndiye kuti njirayo inayenera kutalika mamita 9. Anauza Tadala kuti amumangirire bulashi, n'kujambula pakatoni njira yoyenda m'mbali mwa khoma, yokhala ndi kakhoma kakafupi m'mphepete kuti tayala lisaphonye.

Mmisiri anayang'ana katoniyo n'kukanda m'mutu. "Abwana, mamita 9? Imeneyi ndi njira ya galimoto. Tingochita anayi."

"Mukachita anayi ndiye kuti ndizidikira anthu kuti ndilowe m'nyumba mwanga. Yezani kuchokera pakona apo. Tadala, wapatse chingwe."

Mmisiri anayeza, anakhoma zikhomo, n'kunena kuti pafunika matumba 8 a simenti. Nabanda anati mchenga ndi miyala atuta okha ndi ana, ndipo njerwa zotsala zili kuseri kwa khitchini, choncho 6 akwana. Anakangana mpaka dzuwa linapendeka, n'kugwirizana pa 7, theka la ndalama lero, theka lina Phiri akadzakwera yekha kuchokera pansi mpaka pakhomo popanda womukankha.